Maola Atatu a Mayi Ng'anjo

Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, si munthu woti n'kumukankha. Ukawakankha amazika miyendo pansi ndipo wogwa umakhala iwe. Kuntchito kwathu aliyense amawatchula Mayi Ng'anjo, dzina lomwe linawamatirira mpaka kalata ina ya ku ofesi inabwera italembedwa choncho pa envelopu, iwo n'kuilandira osafunsa kanthu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anazithera m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido ya labu yathu, momwe muli ng'anjo yamagetsi, uvuni woziziritsira magalasi, masilinda awiri a gasi omangiriridwa kukhoma ndi tcheni, ndi mpando wa pulasitiki womwe mwendo wake umodzi unapindika ndi kutentha. Ine ndimagwira m'chipinda choyandikana nacho. Iwo ankasungunula magalasi, ine n'kumawayeza, ndipo ntchitoyo anandipezera ndi iwo omwe nditangokwatira mng'ono wawo. Ndanena zimenezi poyambirira kuti mudziwiretu kukula kwa manyazi anga.

Ukauza munthu kuti umapanga magalasi, amakufunsa mtengo wa galasi la pawindo. Athuwa ndi ena. Ndi tizidutswa tokhala ngati bokosi la machesi, ta mtundu wa pinki, chifukwa posakaniza ufa wake timathiramo pang'ono ufa wa chitsulo china chosowa chotchedwa ebiyamu. Ukaliwalitsa galasilo ndi nyali ya leza, timaatomu ta ebiyamu timameza kuwalako, n'kukusunga kanthawi, kenako n'kukulavula. Kuwala kolavulidwako maso sakuona, amakuona ndi makina anga okha, koma n'komwe anthu opanga zida zoyezera mtunda amakufuna. Kanthawi kosungako ndi kamene ndimayeza. Mutenge sekondi imodzi muidule tizigawo chikwi. Galasi labwino limasunga kuwala tizigawo tisanu ndi titatu, ndipo ife timangoti lapereka eyiti. Likapereka thuu, tiwiri tokha, ndiye kuti ndi maliro.

Chimene chimapha galasi ndi madzi. Sindikunena madzi oti n'kuwapukuta ndi nsalu ayi. Ufa umene timasungunula uli ndi ludzu loopsa, ukangotsegula botolo umayamba kuyamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo ngakhale moto wa ng'anjo suchotsa chonse. Tinyenyeswa ta madzi timakanirira m'kati mwa galasi. Tsono kaatomu ka ebiyamu kakameza kuwala pafupi pali kanyenyeswa kotere, sikalavulanso. Mphamvu ija kamapatsira kanyenyeswako, iko n'kunjenjemera nayo kawiri, basi yatha, yasanduka kutentha. Choipa china n'chakuti maatomu a ebiyamu amapatsirana mphamvuyo ngati anthu opatsirana ndowa pozimitsa moto, uyu kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, mpaka ifike kwa uja wakhala moyandikana ndi mbala. Motero madzi ochepa chabe amazimitsa galasi lonse. Alamu ankazinena mwachidule kuposa mabuku. Ankati, "Galasi lakumwa silibweza chomwe walipatsa. Limangotentha thupi."

Mankhwala ake analipo amodzi, ndipo anali otopetsa. Ufa ukasungunuka m'kamphika, ankalowetsamo kapaipi kopyapyala n'kumauziramo gasi wouma kuti azibwata n'kumatulutsa madziwo. Maola atatu. Osati awiri ndi theka. Ankakhala pampando wopindika uja, magolovesi pamiyendo, thukuta lili kamukamu, n'kumasuzumira pa kabowo ka ng'anjo mphindi khumi zilizonse. Foni ikalira sankayankha. Mwana wawo wamkulu ataimba kuti wakhoza mayeso a unamwino, anamva nkhaniyo gasi atatsekedwa.

Ku labu anabwera ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana kumbuyo, sukulu atasiyira panjira, kudzatsuka mabotolo. Apulofesa akale, nkhalamba yosalankhulalankhula yomwe inamwalira kalekale, anaona kuti mtsikanayu akatsuka botolo amaliumitsa mu uvuni, likazizira n'kuliumitsanso, popanda womutuma. Anamufunsa chifukwa chake. Iye anati botolo limanama, limaoneka louma lisanaume. Sabata yotsatira anamupatsa magolovesi ndi chopanira chachitali, n'kuyamba kumuphunzitsa ng'anjo. Bambo wa ana awo anachoka mwana wachiwiri ali wakhanda, kutsatira mkazi wina. Atabwerera patatha zaka zisanu ndi zinayi, sutikesi m'manja, akutsokomola, alamu anamupatsa mpando, n'kumuphikira tiyi, n'kumuonetsa zithunzi za ana. Atatha kumwa anamuuza nthawi yomwe basi yomaliza imanyamuka. Mkazi wanga analipo tsikulo, ndipo mpaka lero akamasimba amaseka misozi ili m'maso.

Anali ndi kachizolowezi kamene kankandikwiyitsa, ine munthu wa makina. Akabweretsa galasi latsopano, ankandiuza ndiliwalitse kwa mphindi imodzi. Ndikazimitsa leza, ankalitola n'kuligunditsa pamlomo wawo wam'mwamba.

"Ili lafunda, alamu. Musavutike n'kuyatsa kompyuta."

"Ndiye boma linagulira chiyani makinawa, poti tili ndi mlomo wanu?"

"Kuti inunso muzioneka ngati muli pantchito."

Sikuti ankalondola nthawi zonse, koma galasi likakhala lakufa kwenikweni mlomowo sunkaphonya, chifukwa mphamvu yomwe sinatuluke ngati kuwala imayenera kupita kwinakwake. Chinanso, galasi lililonse ankalilemba m'mphepete ndi cholembera cha dayamondi: tsiku, ndi maola omwe gasi anauzira. Kulemba kwawo kunali kopendama, kokhala ngati nkhuku yapalasa, koma sikunkafufutika.

Kenako kunabwera bwana watsopano wa labu. Tinamutcha Msangamsanga pasanathe sabata, chifukwa liwu limeneli linkatuluka pakamwa pake kangapo asanakhale n'komwe pansi. Ndisamunamizire, sanali chitsiru. Za madzi m'galasi ankazidziwa bwino, ankatha kuzijambula pa bolodi ndi mivi yofiira. Anatipezera mgwirizano ndi kampani ina yopanga zida zoyezera mtunda, ndipo tonse tinaomba m'manja. Vuto linali lakuti anawalonjeza magalasi asanu ndi limodzi pa sabata, pomwe alamu ankatulutsa awiri. Anawerenga kwinakwake kuti ukakweza moto n'kuwonjezera mphamvu ya gasi, mphindi makumi anayi zimakwanira. Kumene anaziwerengako mwina ng'anjo zake ndi zina, mwina mpweya wake ndi wouma, kaya. Kwathu kuno khoma la kolido limachita thukuta miyezi isanu pa chaka.

Ndinali pakhomo tsiku lomwe anakawauza.

"Mayi, kuyambira Lolemba gasi ndi mphindi fote. Sitingamathere tsiku lonse pa kamphika kamodzi."

"Madzi satuluka pa fote, bwana."

"Atuluka. Ndawerengera."

"Madziwo munawauza kuti mwawerengera?"

Bwana anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sakufuna kuoneka kuti walasidwa. Anati nthawi zasintha, njira za apulofesa akale zinali zabwino pa nthawi yawo. Alamu anavula golovesi limodzi, n'kulipinda bwinobwino.

"Labu ndi yanu, ndichita. Koma mundilembere papepala, musaine. Ndakula, ndimaiwala."

Sankaiwala kanthu munthu ameneyu. Pepalalo analimata kuseri kwa chitseko, ndipo Lolemba anayamba kusungunula monga anauzidwira, osawonjezera ngakhale mphindi imodzi mobisa. Ine ndinawanong'oneza kuti bwanji osangochita maola atatu bwana akapita ku misonkhano. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti tikabe. Anati akatero bwana aziyesa kuti fote yake ikugwira ntchito, ndiye bodzalo likhala la ndani? M'mphepete mwa galasi lililonse ankalemba manambala awiri, folo ndi ziro, akuluakulu.

Magalasi ake anatuluka okongola, abale inu. Oyera mbee m'kati, opanda kathovu ngakhale kamodzi, pinki wake ngati switi. Bwana anawandandalika pa desiki pake n'kumawajambula ndi foni. Ine n'kuyamba kuyeza. Loyamba thuu. Lachiwiri thuu. Lachitatu thuu ndi theka, ndipo bwana anati mwaona, zayamba kukwera. Lachinayi linabwereranso pa thuu. Chinali chikomekome cha nkuyu.

Munthu wanzeru akalakwitsa amavuta kuposa wopusa, chifukwa zifukwa amazipeza zambiri ndipo zonse zimamveka. Bwana anayamba kusaka madziwo paliponse kupatula pa pepala lomwe anasaina. Anati ndi ketulo ya tiyi yomwe alamu ankasunga pakona, nthunzi yake ndi imene ikunyowetsa ufa. Ketuloyo inali itakhala pakonapo zaka khumi ndi zisanu magalasi akupereka eyiti, koma inachotsedwa. Alamu anagula fulasiki, ndipo teni koloko iliyonse ankakamwera tiyi wawo mu kolido, chilili, moyang'anizana ndi chitseko cha bwana, akuuzira kapu pang'onopang'ono. Magalasi anapitiriza kupereka thuu. Kenako anati ndi thukuta la m'manja, anati ndi nsalu yopukutira tebulo. Pomaliza anayamba kunena mawu omwe ankafuna kunena kuyambira kale, akuti manja akakula amayamba kunjenjemera poyeza ufa. Alamu atamva anangotambasula dzanja pamaso pake, chopanira chili pachikhatho, osagwedezeka ngakhale pang'ono, mpaka bwana anayang'ana kumbali.

Patatha miyezi iwiri tinamva kuti a kampani akubwera Lachinayi kudzaona okha. Lolemba masana bwana analowa m'chipinda changa n'kutseka chitseko. Anakhala pa tebulo, n'kundifunsa za ana anga, mayina awo ndi makalasi awo, zomwe anali asanafunsepo. Kenako analoza kabati momwe ndimasungira magalasi akale oyezedwa kale.

"Muli la eyiti umo?"

"Alimo ambiri, bwana. A chaka chatha."

"Mutenge limodzi. Lachinayi muyeze limenelo. Njirayi igwira, ndikungofuna mwezi umodzi wina. Akaona thuu achoka, ndiye tonse pano tilibe ntchito, ndi alamu anu omwe."

"Koma analilemba m'mphepete."

"Muli ndi gudumu lopalira, si choncho?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalimbana naye. Sindinatero. Ndinadziuza kuti ndikuteteza labu, ndikuteteza alamu, ndikuteteza ana anga, ndipo zonsezo zinali ndi kachoonadi kake, n'chifukwa chake zinandilowa mosavuta. Lachiwiri ndinatenga galasi limodzi, ndinalinyowetsa, n'kuligunditsa pa gudumu. Zilembo zopendama zija zinatha m'mphindi zitatu. Khoma limodzi lokha ndi limene linandilekanitsa ndi mwini zilembozo, ndipo ndinkamva gasi wawo akubwata.

Alendo anabwera awiri, bambo wa tayi yemwe ankangoyang'ana wotchi, ndi mayi wina injiniya, wamfupi, wa magalasi a maso, wofunsa mafunso modekha. Alamu anauzidwa kuti avale khoti loyera latsopano n'kuima pakona ya chipinda changa, kuti alendo aone kuti tili ndi antchito odziwa. Bwana analankhula kwa theka la ola. Ine ndinaika galasi pa makina, ndinayatsa leza, ndipo mzere wa pa sikirini unatsika mwaulemu, pang'onopang'ono, n'kupereka eyiti. Bambo wa tayi anamwetulira. Ndinaponya diso pakona. Alamu sankayang'ana sikirini, ankayang'ana galasilo, pamalo pomwe panali kathovu kakang'ono ngati mutu wa singano. Kenako anandiyang'ana ine.

Mwina akanangokhala chete mpaka alendo apite, sindikudziwa. Koma injiniya uja anatembenuka.

"Mayi, ndinu mumasungunula? Mwagwira ntchito. Ndiye mphindi fote zokha zikukwanira pa ng'anjo yanuyi? Ife kwathu zinatikanika."

Bwana anatsegula pakamwa, koma alamu anamuyambirira.

"Sizikwanira, mayi. Galasi ilo ndi langa ndithu, koma ndi la chaka chatha, la maola atatu. Ndikulidziwa ndi kathovu ako. Wina walipala pomwe ndinalemba." Anapisa dzanja m'thumba la khoti n'kutulutsa kena kokulunga m'pepala. "La fote ndi ili, la dzulo. Alamu, yezani."

Ine ndinangoima. Ndinayang'ana bwana, ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana waya wa makina ngati pali chomwe chamasuka. Anachita kubwereza injiniya uja kuti tayezani bambo, m'pamene manja anga anayenda. Mzere unagwa ngati mwala. Thuu.

Lamulungu lotsatira, mkazi wanga anandikoka kupita kwa akulu ake monga tinkachitira masabata onse. Nkhani anali ataimva kale, ndipo mumsewu monse sanandilankhule kupatula kundiuza kuti kolala yanga yapindika. Tinapeza alamu akusita mayunifolomu a mwana wawo pabalaza. Anandipatsa moni, anandipatsa mpando, anandifunsa za ana. Mawu oti alamu sanawatchule ngakhale kamodzi, ankangoti bambo. Panalibe nthabwala, panalibe kundinena kuti ndanenepa ndi ndalama za mng'ono wawo. Bola akanandilalatira. Mkazi wanga ndi amene anaphulika, ali kukhitchini, mbale zikulira.

"Achemwali, mufunseni! Mufunseni kuti gudumulo analigwira ndi manja ati!"

"Musiye," anatero alamu, osakweza mutu pa simbi. "Anachita mantha. Mantha si mlandu. Chondiwawa n'chakuti anapala bwino. Anachita kukhalira pansi, n'kusalaza."

Chakudya cha tsikulo ndinachisiya m'mbale.

A kampani sanachoke, koma analemba kalata yofuna kudziwa kuti galasi lakale linafika bwanji pa makina. Kalatayo inafunika yankho, ndipo yankholo linafunika munthu. Patatha masabata awiri, Lolemba masana, alamu anaitanidwa ku chipinda cha misonkhano cha m'mwamba. M'mawa wa tsikulo anali atasungunula chigalasi chachikulu, chachikulu kuposa onse omwe ndinawaonapo, maola atatu athunthu osapempha chilolezo kwa munthu, n'kuchiika mu uvuni kuti chizizire. Ine ndinaitanidwa ngati mboni. Kutebulo kunali bwana, mkulu wa nthambi yathu, ndi mayi woona za antchito, munthu wa mawu ofewa yemwe amakuchotsa ntchito iwe n'kumuthokoza.

Anandifunsa ine poyamba kuti galasilo ndinalitenga kuti. Ndinati m'kabati. Sanafunsenso china, nanenso sindinawonjezere.

Kenako mayi woona za antchito uja anakankhira pepala kwa alamu, cholembera chili pamwamba. Anafotokoza mokoma. Pepalalo linkati Mayi Ng'anjo anasokoneza magalasi mwangozi powasanja, lakale n'kulowa pakati pa atsopano, ndipo akupepesa. Basi. Akasaina, palibe wochotsedwa, palibe wodulidwa kanthu. Ng'anjo ikhala yawo mpaka adzapume. Ndipo bwana wavomera kuti abwerere ku maola awo atatu, ngakhale ketulo ibwerere. Akakana, ndiye pali mlandu wina womwe ukudikira, wonyoza bwana pamaso pa alendo, ndipo chilango chake ndi kusamutsidwira ku sitolo ya katundu, ku nyumba ya kuseri.

Kunena zoona, mumtima ndinkakuwa kuti sainani. Zonse zomwe ankamenyera zinali patebulo pomwepo. Ndinaona maso awo akuyenda pa mizere ija kawiri, ndipo ndinaona chala chawo chikugwira cholembera n'kuchigudubuza. Munthu ameneyu ng'anjo ankaikonda kuposa mmene ankakondera anthu ambiri, mwina kuposa ine ndi mkazi wanga titaphatikizana.

"Ndiye a kampani akawerenga kuti ine sindidziwa magalasi anga?"

"Ndi mawu chabe, mayi," anatero woona za antchito. "Aliyense amalakwitsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, tithandizeni kuti nkhaniyi ithe."

"Nkhonya yanga ndiilandira. Ya wina ayi." Anatembenukira kwa bwana. "Bwana, inu munandilembera pepala, munasaina, lili kuseri kwa chitseko. Ine ndinachita zomwe munalemba, sindinabe ngakhale mphindi. Madzi sanatuluke. Si inu woyamba kukanidwa ndi madzi, apulofesa akale nawonso anakanidwa zaka zinayi. Mukanangonena kuti ndayesa zakanika, bwenzi ine ndi inu tikusungunula limodzi lero. Koma mukufuna ndilembe kuti manja anga ndi osokonekera, kuti mutu wanu uoneke wolongosoka. Pepani. Zaka zonsezi sindinasokonezepo galasi, ndiye ndiyambire papepala?"

Mkulu wa nthambi anati aganize bwino, apite kunyumba akagone nazo. Alamu anabweza pepala, cholembera n'kuchiika pambali pake mowongoka. Anatulutsa kiyi wa chipinda cha ng'anjo, womangidwa pa kansalu kofiira, n'kumuika patebulo. Chala chawo chinakhalitsa pa kansaluko asanachotsepo dzanja, ndinachiona ndi maso angawa.

"Chimodzi chokha. Mu uvuni muli galasi. Lizizira pang'onopang'ono mpaka Lachinayi masana. Wina akatsegula lisanafike tsikulo, lisweka. Ilo silinalakwire munthu."

Anatuluka osayang'ana aliyense, nsapato zawo zikulira pa masitepe mpaka pansi.

Lachiwiri m'mawa ndinamva kiyi akulira pa chitseko choyandikana nane. Anali bwana. Ankafuna kutulutsa za mu uvuni kuti ayambe kusungunula yekha, poti nthawi inali itamuthera. Sindikudziwa chomwe chinandinyamula pampando. Ndinangopezeka ndaima pakati pa iye ndi uvuni, msana wanga ukumva kufunda kwa chitseko chake.

"Tapatukani."

"Mutsegula Lachinayi masana, bwana."

"Mukudziwa amene mukulankhula naye?"

"Ndikudziwa. Ndi amene ndinamupalira galasi. Lachinayi masana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Masiku awiri amenewo ndinadyera pampando wopindika uja, kulondera uvuni mpaka galasi linatuluka losasweka, ndipo ndili pomwepo ndinalemba kalata yonena zonse, za kabati, za gudumu, za amene anandituma. Ndinaipereka m'mwamba. Anandipatsa chenjezo lolemba, bwana anaitanidwa kukacheza ndi akuluakulu kwa ola limodzi, n'kutuluka ali bwana. Za alamu anati mlandu wawo ndi wina, wa mwano, ndipo unagamulidwa kale. Kulimba mtima kwanga kunafika ngati ambulansi yobwera anthu atabwerako kumanda.

Tsopano papita zaka ziwiri. Alamu ali ku nyumba ya kuseri, m'chipinda chozizira cha mashelefu achitsulo, kuseri kwa kawindo komwe anthu amalandirirapo magolovesi, sopo ndi mababu. Ku labu gasi anabwerera pa maola atatu mwakachetechete, popanda wolengeza, ndipo palibe anapita kuseriko kukanena kuti munkanena zoona. Amasungunula ndi munthu wina wochokera ku nthambi ina, wofatsa, woyesetsa. Alamu sadutsanso mu kolido yathu. Amazungulira kumbuyo, njira yamatope yodutsa pa matanki, ngakhale mvula ikugwa. Anayambiranso kunditchula alamu patatha miyezi isanu ndi iwiri, tsiku lomwe anandiuza kuti mimba yanga yayamba kufika pamalo ine ndisanafike, ndipo ndinasangalala ngati mwana.

Mwezi watha ndinapita pa kawindo kaja kukatenga magolovesi. Panalibe mzere. Ndinawapeza akuyang'ana manja awo. Zipsera za moto zomwe zinali pa zala zinayamba kufufutika, khungu lasalala.

"Taonani, alamu," anatero. "Asanduka manja a mlembi."

Ndinafunsa funso lomwe ndinalisunga zaka ziwiri. Ndinati kodi samaganiza kuti akanangosaina, popeza onse m'chipinda muja ankadziwa kuti ndi bodza, ndipo bwenzi pano ali pa ng'anjo yawo.

Anatenga magolovesi pa shelefu, anawaomba fumbi, n'kundipatsira pa kawindo.

"Bwenzi ndili pa ng'anjo, inde. Musaganize kuti sindiifuna. Ndimaifuna tsiku lililonse, ndikadzuka, ndikamadutsa pa matanki paja ndimamva fungo la ng'anjoyo mtima n'kuwawa ngati ndaferedwa. Ndinalira, mng'ono wanga akudziwa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mwaukali, ngati misoziyo yawalakwira. "Koma akakutumani ndi pepala lija mawa, muwauze asavutike n'kubweretsa cholembera."